Mmene Ndinaondetsera Bambo Anu

Tadala ndi Pilirani, ana anga, za ubwana wanga ndazidumpha dala chifukwa munazimva kale mpaka kutopa nazo. Pano ndikulemba za ntchito, makamaka za chaka chija inu munali kusukulu yogonera konko, mukungomva mphekesera zoti kunyumba sikuli bwino. Mwakula tsopano, ndipo ndi bwino muimve nkhaniyi kuchokera kwa mwini wake.

Zaka zoyamba, ku Mphunzi

Ntchito ya ulangizi wa zakudya ndinayambira kumidzi ya ku Mphunzi, ndili mtsikana wosadziwa n'kupalasa njinga komwe. Anandipatsa sikelo yokoleka, kabudula wa nsalu wolowetsamo mwana pomuyeza, ndi buku lalikulu lolembamo maina. Sikeloyo tinkaimangirira panthambi ya mtengo kuseri kwa tchalitchi, amayi n'kundanda pamzere ana ali kumsana, mphepo ya m'mapiri muja ikutiomba mpaka zala kuuma. Bwana wanga woyamba anali Mayi Kachingwe, namwino wamkulu, munthu wosaseka wamba. Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Iwe Naphiri, ntchito yako ili pa muvi wa sikelowu. Ukakwera, wagwira ntchito. Ukatsika, ndiye kuti unangobwera kudzaothera dzuwa." Ndinkawaopa kwambiri mayi amenewa, koma lero ndimawathokoza, chifukwa ndiwo anandiphunzitsa kusakhulupirira maso pamene sikelo ilipo.

Zosowa zinali zambiri. Njinga inali imodzi, ife alangizi tili atatu. Makadi a ana akatha tinkalemba pamakatoni a sopo. Ufa wa soya unkabwera mwezi uno, mwezi wamawa osaoneka, ndiye tinkangophunzitsa amayi kuthira nsinjiro m'phala la mgaiwa ndi kuwachonderera kuti asagulitse mazira onse kumsika. Kwa zaka makumi awiri pemphero langa linali limodzi, loti anthu anenepe. Mayi akandiuza kuti mwana wake wayamba kulemera kumsana, tsiku limenelo ndinkabwerera kunyumba ndikuimba.

Luso lomwelo ndinalitengera kukhitchini kwanga. Bambo anu ndinakwatirana nawo ali mphunzitsi woonda ngati mpini wa khasu. Patangotha zaka zochepa, jekete la paukwati linakana kumangika. Tikapita kwawo ku Bembeke, azakhali anu a Nangozo ankaomba m'manja n'kumati, "Koma alamu athuwa amasamala! Taonani khosi la achimwene!" Sindibisa, mawu amenewo ankandikomera, ndipo ndinkawonjezera dala mtanda wina m'mbale.

Chaka chimene ndinasamukira kufupi ndi Boma

Nditatsala ndi zaka zochepa kuti ndipume, ananditumiza kuchipatala china chaching'ono pafupi ndi msewu waukulu. Kumeneko ndinapeza odwala a mtundu wina: eni magolosale, aphunzitsi, oyendetsa maminibasi, anthu oti ukakumana nawo pamsewu umati awa ndiye zinthu zikuwayendera. Ambiri anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ena shuga. Bwana wanga anali a Mwale, amene aliyense ankangowatcha adokotala, munthu wofatsa koma wosalola chinthu chodutsa pambali. Sabata yoyamba anandiitana n'kundiuza kuti ndiziwathandiza anthu amenewa kuchepetsa thupi. Ndinaseka mpaka kugwira tebulo. "Adokotala, zaka makumi awiri ndakhala ndikunenepetsa anthu, lero ndiyambe kuwaphwetsa?" Iwo anangoti, "Sikelo ndi yomweyo, mayi. Khalani pansi ndikuonetseni."

Anandiphunzitsa kuwerengera makalori, muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka m'thupi. Ankati thupi lili ngati mbaula: makala ukaika ochuluka kuposa amene akuyaka, otsalawo amangounjikana. Njira yawo inali yapafupi. Umuyeze munthu, makilogalamu akewo uchulukitse ndi 30 ngati ndi munthu wongoyenda pang'ono, uwonjezere ngati ndi wa khasu, uchepetse ngati ndi wokalamba wongokhala. Nambala imene wapezayo ndiyo chakudya chomusunga munthuyo mmene alili. Pamenepo uchotsepo makalori pafupifupi 500 patsiku, ndipo adzayamba kutsika mwina theka la kilogalamu pasabata. "Izi n'zongoyerekeza," ankatero nthawi zonse. "Pakatha masabata atatu, sikelo ndiyo idzakuuzeni ngati munalondola. Ndipo osathamanga nazo."

Vuto linali lakuti pepala lokhalo la makalori limene tinali nalo linali ndi zakudya zakunja zoti sitinazionepo. Munthu wa ku Dedza sungamuuze za makalori, umamuuza za mitanda, masupuni a shuga, makapu a thobwa ndi mbale za tchipisi cha kachewere. Choncho ine ndi a Mwale tinayamba kuyeza zakudya zathu pakasikelo ka makanda, n'kumalemba tokha pepala lathu. Ndinaphunziranso kafunsidwe. Ukafunsa munthu kuti wadya chiyani dzulo, amangotchula cha masana ndi cha madzulo. Ndiye ndinkati, "Tiyambire pamene munadzuka, mundiyendetse tsiku lonse," ndipo mandasi, chimanga chootcha ndi tiyi wa kwa aneba zinkayamba kutuluka chimodzichimodzi. Zonsezi ndinkachita mosangalala kuntchito, koma kunyumba mbale ya bambo anu sindinaikhudze.

Mwezi wa Juni, chaka chachiwiri

Tsiku lina m'mawa, kukuzizira kwambiri, ndinangoona aphunzitsi awiri akulowa ndi bambo anu atawagwirizira uku ndi uku. Anachita chizungulire ali patsogolo pa ana asukulu, n'kungokhala pansi pafumbi. A Mwale atawayeza anapeza magazi akuthamanga koopsa, shuga nayenso atakwera. Ndinawakweza pasikelo ndekha, muvi n'kukaima pa 98. Manyazi anandigwira, chifukwa makilogalamu amenewo ndinawaika ndine ndi manja angawa. A Mwale analemba mankhwala m'kabuku ka kuchipatala, n'kundiyang'ana. "Mayi, wodwala uyu ndi wanu kawiri."

Pobwerera kunyumba bambo anu anaima panjira n'kunena kuti, "Naphiri, ndikupempheni chinthu chimodzi. Amayi asamve." Mukudziwa kuti agogo anu anali ataika kale ana aamuna awiri, ndipo wamkulu, bambo anu aakulu, anagwa m'munda n'kufa ziwalo, osadzukanso. Bambo anu ndiwo anali mwana wamwamuna yekhayo wotsala. "Akamva kuti nanenso ndili ndi matenda a magazi, mtima wawo supirira. Ndipo mlongo wanga uja mukumudziwa, chimene wamva m'mawa, masana chafika kale kumsika. Mulonjeze, monga mkazi wanga komanso monga munthu wa kuchipatala." Ndinalonjeza, osadziwa kuti ndadzimangirira chingwe chotani.

Ndinakhala pansi ndi pensulo. Makilogalamu 98 kuchulukitsa ndi 30, zinandipatsa makalori pafupifupi 2,900. Kenaka ndinawayendetsa tsiku lawo monga ndinkachitira ndi odwala ena, ndipo mutu unandiima. Tiyi katatu patsiku, kapu iliyonse masupuni anayi a shuga. Theka la buledi wopaka majarini. Tchipisi pa nthawi yopuma kusukulu. Mitanda isanu masana, isanu madzulo, thobwa lapamwamba. Munthu ameneyu ankadya za anthu awiri, wophika wake ali mlangizi wa zakudya.

Apa ndiye ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba kuti mudziwe kuti mayi wanunso amalakwa. Chifukwa cha mantha, sindinachotse 500 monga ndinkauzira ena, ndinachotsa 1,000. Nthawi yomweyo ndinawalamula kuti m'mawa uliwonse azikwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu, ola lathunthu, asanadye kanthu. Sabata yachiwiri anabwera nawo mayi wina wogulitsa kabichi, amene anawapeza atakhala pamwala akunjenjemera, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ngati imene ija. Mayiyo ndiye anawapulumutsa powapatsa nthochi ziwiri. A Mwale sanandikalipire pagulu, anandiitanira m'kachipinda kawo. "Mwawerengera munthu wokhala pampando, koma mwamutumiza kukakwera phiri. Kukwera phiri nakonso kumadya makala. Komanso akumwa mankhwala otsitsa shuga. Mukufuna atsike thupi kapena mukufuna kukhala namfedwa?" Tinawerengeranso limodzi: pa 2,900 paja tinawonjezera 300 za kuyendako, n'kuchotsa 500 basi, ndipo tinagwirizana kuti asamanyamuke m'mimba muli pululu.

Pomasulira m'mbale, zinakhala chonchi: mitanda itatu m'malo mwa isanu, supuni imodzi ya shuga, nyemba, kabichi ndi mpiru zochuluka, thobwa kapu imodzi Lamlungu lokha. Bambo anu ankadandaula ngati mwana. "Naphiri, chipande chimenechi mwachisintha, si chija." Ndinkawayankha kuti chipande n'chomwecho, lasintha ndi dzanja. Lolemba lililonse ankadzera kuchipatala kudzakwera sikelo. Sabata zina ankatsika theka la kilogalamu, zina muvi osasuntha n'komwe, iwo n'kumatuluka akung'ung'udza. Koma magazi anayamba kukhazikika, ndipo kukwera phiri kuja anayamba kukukonda mpaka kumandidzutsa ndi iwowo.

Kuyambira Seputembala mpaka Novembala

Pofika nyengo yotentha anali atatsika makilogalamu asanu ndi atatu. Ndinaboola lamba wawo ndi msomali kawiri. Ine mumtima ndinkasangalala, koma kunja nkhani inali ina. Muyenera kumvetsa kuti m'badwo wathu unaika anthu ambiri amene matenda awo anayamba ndi kuonda. Kwathu kuno munthu wamkulu saonda popanda chifukwa. Amayi a kumphakati wa tchalitchi chathu anayamba kundipatsa moni wautali, wondigwira dzanja osalisiya, maso ali ndi chisoni. Ena ankangoti, "Limbani mtima, mayi." Odwala matenda amenewo ndawasamalira moyo wanga wonse ndipo sindinaonepo chochititsa manyazi mwa iwo, koma kunamiziridwa kumawawa ndithu.

Kenaka azakhali anu anabwera kudzacheza, nkhuku ili kukhwapa. Atangowaona achimwene awo pakhomo, anaika nkhuku pansi n'kugwira pakamwa. Nthawi ya chakudya anasuzumira m'mbale n'kundifunsa, "Alamu, kodi ufa watha m'nyumba muno? Mukanatuma uthenga, ife chimanga tili nacho." Ndinati ufa ulipo. Anaona ndikuthira ndekha supuni imodzi ya shuga m'kapu n'kubweza chitini m'kabati. Sanagone, anakwera minibasi tsiku lomwelo. Pasanathe sabata nkhani inali m'kamwam'kamwa ku Bembeke, ndipo inali pawiri. Ena ankati ndikumumana mwamuna chakudya chifukwa ndayamba kudzimva ndi ntchito yanga. Ena ankati ndamupatsa matenda, ndipo ndikumubisira mankhwala kuchipatala kumene ndimagwira ntchito.

Ndinawapempha bambo anu kuti andimasule pa lonjezo lija. Iwo anati, "Dikirani pang'ono, Naphiri, zitha zokha." Ndinapsa mtima kwambiri, moti masiku awiri tinkangolankhulana za mchere ndi madzi osamba. Sizinathe zokha. Kunabwera uthenga woti ankhoswe akutifuna ku Bembeke Loweruka.

Sabata imeneyo ndinaganiza mpaka mutu kuwawa. Njira zinali zitatu. Ndikanatha kubwezera mitanda iwiri ija m'mbale, khosi libwerere, abale asangalale, ine n'kumadikira tsiku limene adzagwe ngati mkulu wawo. Ndikanathanso kuulula zonse pamaso pa ankhoswe n'kuyeretsa dzina langa. Koma zaka zonse za ntchito yanga sindinatulutsepo matenda a munthu pakamwa panga popanda chilolezo chake, ndipo sindinafune kuyambira pa mwamuna wanga. Ndinasankha yachitatu: mbale ikhala mmene ilili, pakamwa panga pakhala potseka, zinazo zioneka komweko.

Loweruka la ankhoswe

Tinafika cham'mawa. Anatiyalira mphasa pakhonde la agogo anu. Mbali ya bambo anu nkhoswe anali atsibweni awo a Mbewe, mbali yanga anali atsibweni anu a Lusiano, mlongo wanga. Agogo anu anakhala pakona atafunda nsalu ziwiri, osayang'ana munthu. Titapemphera, a Mbewe anapereka mpata kwa azakhali anu, ndipo iwo sanachedwe.

"Ine sindinabwere kudzakangana ndi munthu. Koma achimwenewa anali munthu wooneka, akaima kutsogolo m'tchalitchi ife tinkanyadira. Lero taonani kolala ya malaya mmene ikulendewera. Ndinaona ndi maso angawa, mitanda itatu, ngati mwana wa sitandade wanu! Shuga amachita kutsekera m'kabati. Ngati atopa nawo atibwezere, tidyetsa tokha. Ngati kuli matenda, anene, ifenso ndife anthu."

A Mbewe anatembenukira kwa ine. "Mayi, mwamva. Tiyankheni."

Ndinati, "Chakudya chimene ndimawapatsa n'chokwanira thupi lawo. Sindinatope nawo. Zina sindingathe kunena."

"Simungathe kunena kwa ife ankhoswe?"

"Sindingathe."

Atsibweni anu anandikodola n'kundinong'oneza, "Mlongo, lankhula, ukundichititsa manyazi. Ndikuteteza bwanji chonchi?" Ndinangoyang'ana mphasa. Bambo anu anali pambali panga, mutu uli pansi, akutembenuzatembenuza chipewa m'manja. Kunena zoona, nthawi imeneyo ndinkafuna kuwalanda chipewacho n'kuwamenya nacho.

Pamenepo agogo anu analankhula, ndipo mawu awo anali otsika moti tonse tinachita kutchera khutu. "Naphiri, iwe ndinakulandira ngati mwana wanga wobala ndekha. Za mitanda ine ndilibe nazo kanthu. Ndaika awiri. Onsewo anthu ankandiuza kuti ali bwino, ali bwino, mpaka tsiku lodzandiuza kuti ndivale mpango. Miyezi itatu tsopano chakudya sichikundilowa. Ngati uyunso akupita, undiuze, ndikonzeke."

Zonena za azakhali anu ndinazipirira, koma izi zinandithyola. Misozi inangoyamba kugwera pachitenje. Yankho linali pakamwa penipeni, loti amayi, mwana wanu sakupita, akubwerera. Ndinaluma mlomo, osalitulutsa, chifukwa silinali langa.

Ndinamva bambo anu akusuntha. Anapisa dzanja m'thumba la jekete, natulutsa kabuku ka kuchipatala kaja, nakagwada pafupi ndi mayi awo. "Amayi, wolakwa pano ndine. Ndili ndi matenda a magazi, omwe aja anatenga achimwene, ndiponso shuga. Ndinagwa kusukulu mwezi wa Juni. Ndinamuletsa ndine mkaziyu kuti asanene, poopa kuti mtima wanu usweka. Kuonda mukuonaku si matenda, ndi mankhwala. Amachita kundiwerengera chakudya, ine n'kumakwera phiri. Adokotala akuti magazi atsika." Kenaka anatembenukira kwa ankhoswe. "Mwamuimika pamlandu munthu amene wandisunga ndi moyo. Watukwanidwa miyezi yonseyi chifukwa cha mantha anga."

A Mbewe anatenga kabuku kaja n'kumakatembenuza, ngakhale sindikhulupirira kuti ankawerenga kanthu. Azakhali anu anayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino. Agogo anu anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenaka anati, "Iwe Benedikito, unaona ngati kundibisira n'kundisunga? Ine ndakhala ndikukulira uli moyo." Bambo anu anagwetsa misozi, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akulira pagulu.

Kenaka agogo anu anandiitana kuti ndisendere pafupi. "Wati ingati mitanda?"

"Itatu, amayi."

"Mkulu wake uja akanadya itatu, bwenzi alipo?"

Ndinafuna kuwatonthoza, koma sindinafune kuwanamiza. "Sindikudziwa, amayi. Mwina."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenaka anakweza mawu, kulankhula ndi mwana wawo wamkazi. "Nangozo, kaphike. Koma mbale ya mlongo wako usaikhudze. Aomole ndi Naphiri."

Lero

Ndinapuma pantchito patatha zaka zitatu. Pepala lathu la mitanda ndi masupuni ndinalisiya m'manja mwa mlangizi amene analowa m'malo mwanga, ndipo ndimamva kuti analikopera pena chifukwa loyamba lija linang'ambika. Ndikuthokoza Mayi Kachingwe, Mulungu awalandire, ndi a Mwale amene anandidzudzula mseri pamene akanatha kundichititsa manyazi. Ndikuthokozanso mayi wa kabichi uja, amene dzina lake sindinalifunse n'komwe. Azakhali anu sanabwere kudzapepesa ndi pakamwa, si khalidwe lawo, koma chaka chilichonse amanditumizira nyemba zoyamba za m'munda mwawo, ndipo ine ndimamva. Bambo anu anakaima pa makilogalamu 82, mankhwala akumwabe, ndipo mpaka lero amati chipande ndinachisintha.

Agogo anu anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi, ndipo sanaikenso mwana. Tsiku la maliro awo munalipo, koma mwina simunaone chimene ine ndinkayang'ana. Kuchokera kutchalitchi kukafika kumanda ndi mtunda wautali, wokwera wokhawokha, ndipo anthu ambiri a msinkhu wathu anatsalira m'njira. Bambo anu anayenda kumbuyo kwa bokosi la mayi awo mpaka kukafika, osaima n'kamodzi komwe.